Chipatala, kwa sing'anga, kumapemphero kapena kumusunga pakhomo: wodwala schizophrenia tipite naye kuti?

Mwana akayamba kulankhula yekha, kuseka popanda womuseketsa, kukana nsima ati mwathiramo poizoni, usiku osagona akungozungulira nyumba, banja limagawanika pompo. Amalume akuti uyu walodzedwa tiyeni kwa asing'anga, amayi akuti ndi ziwanda muyimbireni abusa, mlongo wake wa kutauni akuimba foni kuti mupite naye ku Zomba, ndiye pali aneba aja osasowa chonena, "ndi chamba ichi, mumangeni chituluka chokha." Onsewa amamukonda mwanayo, palibe akumufunira zoipa, koma miyezi imatha anthu akukokanakokana uku matenda akuzika mizu. Ine ndikulankhula ngati gadiyani, mng'ono wanga ali ndi matendawa ndipo njira zonsezi tinazipondako, nde ndikufuna tiziyeze imodziimodzi mosabisa mawu.

Poyamba timvane kaye za matendawo. Schizophrenia ndi matenda a ubongo amene amasokoneza mmene munthu amaganizira, amamvera komanso mmene amaonera zinthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 aliwonse, padziko lonse ndi anthu opitirira 20 miliyoni, azungu, amwenye, ife, olemera ndi osauka omwe. Kawirikawiri amayamba munthu akungotha msinkhu mpaka zaka za m'ma 20, anyamata amayamba msangako kuposa atsikana, nchifukwa chake mumamva kuti "anali wanzeru mwana uja, anapenga ali Fomu 4, anawerenga kwambiri." Mabuku sanalakwe kanthu, kungoti msinkhu wa matendawa ndi womwewo wa mayeso. Wodwala amamva mawu a anthu oti palibepo, pena akumutukwana pena akumulamula, ndipo kwa iye mawuwo ndi enieni ngati mmene mukumvera wailesi inuyo. Amakhulupirira zinthu zoti olo mumuuze bwanji sangasinthe, kuti anthu akumulondalonda, kuti pa TV akunena za iye, kuti maganizo ake akubedwa. Zolankhula zimadumphadumpha. Koma pali mbali ina yomwe anthu saitchula ndipo ndi imene imatopetsa kwambiri pakhomo: munthu amangokhala phee, kusamba ayi, kumunda ayi, nkhope yosaonetsa kukondwa kapena kukhumudwa, anzake onse anawataya. Apa mpamene timamunamizira ulesi, pomwe ndi matenda omwewo.

Chimayambitsa nchiyani? Sichimodzi. Pali za kumtundu, ngati kholo limodzi lili nawo mwayi woti mwana adwale umakwera kufika pafupifupi mmodzi mwa 10, kutanthauza kuti ana ambiri a makolo otere sadwala ayi. Pali zovuta za pa mimba ndi pobadwa, pali nkhanza ndi mavuto aakulu pa moyo, ndipo chamba, makamaka kuyamba uli wamng'ono ndi kusuta kwambiri, chimakweza chiopsezo zedi. Komabe alipo ambiri odwala amene ndudu yachamba sanaigwirepo, nde tisamafulumire kuweruza.

Tiyambe ndi kwa asing'anga poti kumudzi ndi kumene ambiri amathamangira koyamba. Ubwino wake ulipo, tisanamizane. Ali pafupi, amalankhula chilankhulo chanu, amakhala nanu pansi nthawi yaitali, ndipo amayankha funso limene chipatala sichiyankha, loti "chifukwa chiyani mwana wathu ifeyo?" Koma yankho lakelo ndi pomwe pali vuto, chifukwa nthawi zambiri limakhala dzina la munthu. Agogo akuchikazi, azakhali, mnzake wa bizinesi. Tsopano taganizani, munthu amene matenda ake akumuuza kale kuti anthu akufuna kumupha, inu mukumutengera kwa wina woti amutsimikizire kuti eya, ndi azakhali ako. Mwathira palafini pamoto. Mabanja adana mpaka kalekale ndipo tikudziwa tonse kuti m'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa ngakhale kuphedwa kumene chifukwa chowaganizira ufiti. Kuwonjezera apo mankhwala azitsamba mlingo wake sudziwika, ena ndi osanzitsa ndi otsegula m'mimba, munthu woti sakudya kale afookeretu. Mbuzi zipita, nkhuku zipita, ndalama ya feteleza ipita. Chinthu china chimene chimasokoneza anthu nchoti matendawa amabwera ndi kubwerera, pena amazizira okha kwa kanthawi, nde zikachitika muli kwa sing'anga mumati wachiza, pakatha miyezi zayambiranso, akuti "amulodzanso," mulipirenso. Asing'anga ena anzeru amanena okha kuti izi nzachipatala pitani, amenewo ndimawapatsa ulemu.

Kumapemphero nkhani yake ndi yosiyanako, ndipo pano ndisamale chifukwa inenso ndimapemphera. Mpingo wabwino ndi chuma kwa banja lotere. Amayi amvano kapena achigwirizano akabwera kudzacheza, kudzathandiza kuchapa, kumuitana wodwala kukwaya akayamba kupeza bwino, zimenezo zimachiritsa mbali imene piritsi silifika. Amayi anga akanapanda azimayi anzawo a kutchalitchi sindikudziwa kuti akanapirira bwanji. Vuto limabwera pamene pemphero lasanduka mpikisano ndi mankhwala. Mneneri akangonena kuti "wamasulidwa, taya mapilisi, kumwa mankhwala nkusakhulupirira," dziwani kuti pakangopita masabata kapena miyezi ingapo mubwerera pomwe munayambira, mwinanso poipa kuposa pamenepo. Kusala kudya masiku ambirimbiri, kugona kuphiri, kumukuwira m'khutu usiku wonse kuti chiwanda chituluke, zonsezi kwa munthu wa schizophrenia nzowononga, chifukwa kusagona tulo ndi phokoso ndi zina mwa zinthu zimene zimadzutsa matendawa. Ndipo ena matenda awo amadzera momwemo m'zachipembedzo, amadziona ngati mneneri kapena amamva mawu oti ndi a Mulungu, nde kumuika pakati pa gulu likukuwa ndi kumuwonjezera chisokonezo. Muyezo wanga ndi wophweka: m'busa amene akuti pempherani uku mukumwa mankhwala, khalani naye. Amene akuti sankhani chimodzi, muthaweni. Tinaphunzira kale zimenezi pa ma ARV, tinaika anthu ambiri m'manda amene anauzidwa kuti achira asiye kumwa.

Za kumanga ndi unyolo kapena kutsekera m'kanyumba sinditaya nthawi. Ndikumvetsa chimene chimafikitsa banja pamenepo, mantha, kutopa, kuopa kuti athawa kapena aotcha nyumba ya eni ake mulipire. Koma chingwe sichichiza kanthu, chimasiya mabala m'miyendo ndi chidani mumtima, ndipo munthuyo akadzachira amakumbukira zonse, yemwe anamumanga ndi yemwe anamumenya. Ngati wafika poopsa, pezani amuna angapo odekha amene iye amawakhulupirira, chotsani mipeni ndi makasu pafupi, mulankhuleni motsitsa mawu munthu mmodzi pa nthawi, pezani galimoto mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndiponso tinene zoona, ambiri odwala matendawa sachita ndewu, iwowo ndi amene amagendedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa m'misewumu.

Tsopano chipatala, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mkati mwakemo mulinso njira zingapo zofunika kusankha. Anthu ambiri akamva matenda amisala amangoganiza Zomba basi, ngati kuti kulibenso kwina. Zomba Mental Hospital ndi chipatala chachikulu cha boma cha matendawa, inde, koma sikoyambira. Koyambira ndi chipatala cha boma cha m'boma lanu, kumene kumakhala manesi kapena makiliniko ofesala amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo ambiri amathandizidwa konko osagonekedwa nkomwe. Ku Blantyre kuli kiliniki ya matendawa ku Queen Elizabeth. Kumpoto anthu amadalira St John of God ku Mzuzu, omwenso ali ndi malo ena ku Lilongwe, ndipo sukulu yawo ya ku Mzuzu imaphunzitsanso ogwira ntchito imeneyi m'dziko muno. Abale athu a ku Zambia chachikulu chawo ndi Chainama ku Lusaka. Kwa boma chithandizo ndi chaulere koma konzekerani mzere, thiransipoti, ndi masiku ena kuuzidwa kuti mankhwala akutiakuti atha mukagule kufamase. Kwa amishoni ndi kwa pulayiveti funsiranitu za malipiro musananyamuke.

Chifukwa chachikulu chimene ndimati yambani kuchipatala, olo mutakhala kuti mumtima mukukhulupirira zaufiti, ndi ichi: si aliyense wobwebweta amene ali ndi schizophrenia. Malungo a muubongo amabwebwetsa. Matenda oumitsa khosi amabwebwetsa. HIV ikafika muubongo, khunyu, shuga akatsika kwambiri, chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi, mayi amene wangobereka kumene, onsewa atha kuoneka ngati "apenga" ndipo ena mwa iwo atha kufa m'masiku ochepa ngati sathandizidwa. Munthu akasokonekera mwadzidzidzi, thupi likutentha, sakudziwa komwe ali kapena tsiku, pena akugonagona, imeneyo ndi ngozi ya thupi, thamangani. Sing'anga kapena mneneri alibe choyezera magazi. Schizophrenia yeniyeni adokotala saitchula tsiku limodzi, amafuna aone kuti zizindikiro zakhalapo kwa mwezi kapena kuposera ndipo zina zonsezi azichotsapo.

Kugonekedwa kapena kumwera kunyumba? Kugonekedwa nkofunika ngati munthu akufuna kudzipha, akuopseza ena, wasiyiratu kudya ndi kumwa, kapena akukana mankhwala ndipo pakhomo palibe angamukwanitse. Kupanda apo kunyumba nkwabwino, amachira msanga pakati pa anthu ake, akudya chakudya chozolowera. Chimene ndimadana nacho ndi mabanja amene amakatula m'bale wawo kuchipatala ngati katundu nkuzimitsa foni. Wadi ndi yongozimitsira moto, moyo weniweni uli kunyumba, ndipo amene abale ake samuyendera ndi amene amabwererabwerera.

Pa mankhwala penipenipo. Akale amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu ndi chlorpromazine, ena amangoti CPZ kapena Largactil, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952, ndi haloperidol. Amagwira ntchito ndithu, mawu aja amachepa, munthu amayamba kugona, ngakhale kuti pamafunika masabata angapo kuti muone kusintha kwenikweni, osati masiku awiri. Koma ali ndi zovuta zake ndipo anthu sauzidwa mokwanira. Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire ukadzuka msanga, ndipo khungu limapsa ndi dzuwa, nde wopita kumunda avale chipewa ndi malaya a manja aatali. Haloperidol sagonetsa kwambiri koma amaumitsa thupi. Mng'ono wanga masiku oyamba ankayenda manja ali chilili osagwedezeka, malovu akutuluka, ndipo tsiku lina madzulo maso anangotembenukira kumwamba khosi nkupindika, akulephera kuwabweza. Amayi anayamba kulira kuti ziwanda zija zabweranso, iye akungoti "achimwene, mankhwalawa akundimanga, lilime likulemera." Ankanena zoona. Tinathamangira kuchipatala, anamupatsa kapiritsi kotchedwa benzhexol, ambiri amati Artane, nkumuchepetsera mlingo, zinatha. Paja akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Wodwala akamadandaula za mankhwala mumvereni, musamangoti ndi misala yakeyo, chifukwa ambiri amene amasiya kumwa amasiyira zimenezi, kuuma thupi, kunjenjemera, miyendo yosakhazikika yoti munthu sangakhale pansi mphindi zisanu, ndi kufooka kwa mphamvu zakuchipinda kumene anyamata amachita manyazi kunena.

Atsopanoko ndi monga risperidone ndi olanzapine. Saumitsa thupi kwambiri ngati akale aja, nde ambiri amawapirira bwino, makamaka ana asukulu ndi apantchito. Koma nawonso si angelo. Olanzapine amadyetsa koopsa, munthu amanenepa msanga ndipo atha kuyamba shuga, nde sikelo ndi kuyezetsa shuga ndi BP zisamaiwalike. Risperidone kwa atsikana ena amaimitsa msambo kapena kutulutsa mkaka m'mawere, zomwe zimadzetsa mphekesera zoti ali ndi mimba pomwe ayi. Vuto lina ndi kapezekedwe, m'zipatala za boma sapezeka nthawi zonse ndipo kugula mwezi ndi mwezi thumba limalira. Langizo langa, musayambe mankhwala odula amene mukudziwa kuti mwezi wachitatu simudzakwanitsa, kuli bwino otchipa omwe sadzadukiza kusiyana ndi apamwamba omwa modumphadumpha. Palinso clozapine, amene amaperekedwa kwa amene mitundu iwiri ya mankhwala yalephera, amathandiza zedi koma amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi chifukwa atha kugwetsa asilikali a m'thupi, nde ameneyu ndi wa madokotala akuluakulu okha.

Mapilisi kapena jakisoni? Ili ndi funso limene mabanja ambiri sadziwa nkomwe kuti angafunse. Pali jakisoni wokhalitsa m'thupi, wodziwika kwambiri kuno ndi fluphenazine, ena amati Modecate, amene amabayidwa kamodzi pa masabata angapo, ambiri kamodzi pamwezi. Ubwino wake, nkhondo ya tsiku ndi tsiku ija ya "wamwa kodi?" imatha. Amene anasungapo wodwala akudziwa, piritsi limabisidwa pansi pa lilime, mumalipeza kuseri kwa nyumba kapena mu thumba la buluku pochapa, ndipo gadiyani umasanduka wapolisi m'nyumba mwako momwe. Ndi jakisoni mumadziwa kuti mankhwala alowa, ndipo akajomba tsiku lake nesi ndi inu mumadziwa nthawi yomweyo. Kuipa kwake, akakuvuta sungamuchotse, upirira mpaka achepe yekha m'thupi, nchifukwa chake amayamba ndi kamlingo kochepa koyesera. Amaumitsanso thupi ngati haloperidol, ndipo mwezi uliwonse pafunika ya minibasi kapena ya kabaza. Mapilisi ndi abwino kwa munthu amene wavomereza matenda ake ndipo amamwa yekha, mlingo umasinthika mosavuta. Kwa amene wabwerera kuchipatala kangapo chifukwa chosiya kumwa, ine ndimati jakisoni, koma mukambirane naye mwini wakeyo ali bwinobwino, osamuchita chiwembu. Zomuthirira mankhwala mu tiyi mobisa ndimakana, tsiku limene adzazindikire ndiye kuti mwamutsimikizira zija amaopa zoti mukumuthirira poizoni, ndipo sadzadyanso cha m'manja mwanu.

Amwa mpaka liti? Akadwala koyamba, malangizo ndi oti apitirize kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo zizindikiro zitatha, kenako adokotala ndi amene angaone ngati nkotheka kuchepetsa pang'onopang'ono. Amene wadwala kangapo nthawi zambiri amamwa zaka zambiri, ena moyo wonse. Msampha waukulu uli pa kuchira pomwepo, munthu wanenepa, akuseka, wabwerera ku geni yake, aliyense akuti "wachira uyu, mapilisi achiyaninso." Asiya. Mwezi woyamba bwinobwino, wachiwiri bwinobwino, nde aliyense akuti mwaona, kenako tulo tiyamba kusowa. Ndipo kubwerera kulikonse kumasiya chipsera, ntchito itha, banja litha, ndipo mankhwala amatha kutenga nthawi yaitali kuti agwirenso. Nkhani yabwino ndi yoti WHO yomweyo imati munthu mmodzi mwa atatu aliwonse odwala matendawa zizindikiro zimatheratu, ndipo ambiri mwa otsalawo amakhala bwino ndithu ndi chithandizo. Mwayi umakula mukayamba msanga, nchifukwa chake chaka chimene chimathera kozungulira chija chimandiwawa.

Koma mankhwala okha sakwanira, ndipo apa mpamene pakhomo pamaposa chipatala chilichonse. Nyumba ya phokoso, yonyoza, ya "iwe wamisala iwe" imadwalitsanso munthu olo akumwa mankhwala bwinobwino. Chimodzimodzinso nyumba yomuchitira chilichonse ngati khanda. Mupatseni ntchito yoti angaithe, kuthirira dimba, kudyetsa nkhuku, kukhala pa okala maola ochepa, ndipo muonjezere pang'onopang'ono. Akamakuuzani za mawu amene akumva musamutsutse mwaukali komanso musavomereze, mungoti "ine sindikuwamva koma ndikuona kuti akukusautsa." Mowa ndi chamba zitalikire, apa palibe kunyengerera. Phunzirani zizindikiro zake zoyambirira chifukwa aliyense ali ndi zake, wathu amayamba ndi kusagona ndi kutseka makatani masana, tikangoona zimenezo sitidikira tsiku la sikelo yake, timanyamula kabuku kakuchipatala nkupita. Kabukuko kasungeni ngati chiphaso cha munda, ndipo jambulani pa foni tsamba la mankhwala kuti kakatayika musayambirenso pa ziro. Gadiyani nayenso asakhale mmodzi, muzisinthana, chifukwa nthawi zambiri mtolo wonse umagwera mayi wokalamba pomwe ena akungotumiza malangizo pa WhatsApp. Kuli bungwe la odwala ndi owasamalira lotchedwa MeHUCA, funsani kuchipatala kwanu ngati kuli gulu lotere pafupi, kucheza ndi anthu amene akudutsa momwemo kumapepula.

Za ukwati ndi ana anthu amafunsa kwambiri. Atha kukwatira, atha kubereka, koma mnzakeyo auzidwe zoona asanalowe m'banja, zobisa zimadzaphulika pa nthawi yoipa. Mayi amene akufuna kutenga mimba kapena wazindikira kuti ndi woyembekezera asasiye mankhwala payekha, apite akakambirane ndi adokotala, chifukwa nthawi yongobereka kumene ndi imene matenda amakonda kubwerera mwamphamvu.

Pali zinthu zina ziwiri zoti musazengereze nazo. Wodwala akauma thupi lonse, kutentha kwambiri, thukuta, kusokonekera ali pa mankhwalawa, musamupatsenso piritsi lina, thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene mankhwala amene akumwa, sizichitikachitika koma zimapha. Chachiwiri ndi kudzipha. Pafupifupi mmodzi mwa odwala 20 amadzipha, ndipo nthawi yoopsa kwambiri si pamene akubwebweta ayi, ndi pamene wayamba kupeza bwino, wangotuluka kuchipatala, akuona anzake a kalasi imodzi ali pantchito ndi mabanja iye ali pakhonde. Akanena kuti "kuli bwino ndingofa" musaseke kapena kumukalipira, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe, zingwe, ndi mapilisi ake omwe muzisunga inuyo nkumamupatsa a tsiku limenelo, pakhale munthu naye usiku, ndipo mawa lake m'mamawa mukaonane ndi a chipatala.